Chimanga cha Mawangamawanga ndi Tizidutswa ta DNA Toyendayenda

Mphunzitsi wina wa zaulimi pa sekondale ina ku Namwera wanditumizira imelo. Akuti pokolola m'munda wa sukulu, ophunzira anapeza chimanga cha makolo chokhala ndi njere zoyera, zachikasu ndi zofiirira pa chitsononkho chimodzi, ndipo njere zina zinali ndi timadontho. Akufunsa ngati amenewa ndiwo ma transposon amene anawerenga m'buku, ndiponso ngati ali ndi phindu lililonse kwa mbewu kapena angokhala chilema.

Aphunzitsi, zimene ophunzira anu anaona ndi zinthu ziwiri zosiyana. Njere iliyonse imakhala ndi ndevu yakeyake, ndipo mungu umene wagwera pa ndevuyo ukhoza kuchokera pa ngayaye za m'munda wa mnansi. Choncho njere za mitundu yosiyana pa chitsononkho chimodzi nthawi zambiri zimangosonyeza kuti mbewu zasakanikirana, monga zimachitikira m'minda yathu yoyandikana. Koma timadontho kapena timizere tooneka pa njere imodzi yomweyo ndi nkhani ina, ndipo m'pamene ma transposon amaonekera, malinga ngati si nkhungu yadetsa njereyo.

Ma transposon ndi tizidutswa ta DNA timene timatha kuchoka pamalo pamodzi n'kukalowa pena m'kati mwa selo (DNA ndi malangizo a chibadwa amene ali m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga chamoyo chilichonse). Anatitulukira ndi Barbara McClintock wa ku America, m'zaka za m'ma 1940, akufufuza chimanga kumalo a kafukufuku a Cold Spring Harbor. Iye anapeza tizidutswa tiwiri timene anatitcha Ac ndi Ds. Ds akalowa m'kati mwa gene (chigawo cha DNA chokhala ndi ntchito yakeyake) yopanga utoto, geneyo imaleka kugwira ntchito ndipo njere imatuwa. Koma pamene njere ikukula, Ac amachititsa kuti Ds atulukemo m'maselo ena, ndipo maselo amenewo, pamodzi ndi onse obadwa kuchokera kwa iwo, amayambanso kupanga utoto. Ds akatuluka msanga, banga limakhala lalikulu. Akachedwa, pamangooneka timadontho tating'onoting'ono. Asayansi ambiri a nthawiyo sanalabadire zimenezi, chifukwa ankakhulupirira kuti gene iliyonse ili ndi malo ake osasuntha, ndipo mayiyu anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1983.

Tizidutswati tilipo ta magulu awiri. Tina timachita ngati mbande imene yazulidwa n'kukawokeredwa pena, ndipo Ac ndi Ds ali m'gulu limeneli. Tina, totchedwa ma retrotransposon, sitichoka pamalo pake, koma timadzikopera kudzera mu RNA (chinthu chofanana ndi DNA chimene selo imakoperapo malangizo), ndipo kopeyo ndiyo imakalowa pamalo atsopano, kotero kuti chiwerengero chake chimangokulirakulira. Gulu lachiwirili ndi limene latupitsa DNA ya chimanga. Pamene asayansi anamaliza kuiwerenga mu 2009, anapeza kuti ili ndi zilembo pafupifupi 2.3 biliyoni, ndipo pafupifupi 85 pa 100 alionse ndi ma transposon. Mpunga uli ndi zilembo pafupifupi 400 miliyoni zokha, komabe chiwerengero cha ma gene ake sichisiyana kwambiri ndi cha chimanga. Kusiyana kwakukuluko kwabwera makamaka chifukwa cha tizidutswa timeneti.

Tsono pa funso lanu lachiwiri, ine sindigwirizana ndi mabuku akale amene ankati zonsezi ndi zinyalala chabe. N'zoona kuti kachidutswa kakagwera pakati pa gene yofunika, mbewu imavulala, ndipo n'chifukwa chake zomera zili ndi njira yotsekera tizidutswati poika pa DNA chizindikiro chotchedwa methylation, moti tochuluka tili phee ndipo tambiri tinatha kale mphamvu. Koma nthawi zina kachidutswa kamagwera pafupi ndi gene n'kusintha mphamvu imene geneyo imagwirira ntchito, ndipo kusintha kotero kukakomera mlimi, iye amasunga mbewuyo ngakhale sakudziwa chimene chachitika m'kati mwake.

Chitsanzo chabwino koposa ndi chimanga chenichenicho. Kholo lake ndi udzu wotchedwa teosinte wa ku Mexico, umene anthu anayamba kuulima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Udzuwo uli ndi nthambi zambiri, ndipo umabala tingala tating'ono tambirimbiri. Kachidutswa kotchedwa Hopscotch kanalowa chapatali pang'ono ndi gene yotchedwa tb1, imene imaletsa nthambi kukula, ndipo kanaiwonjezera mphamvu. Alimi akalewo ankasankha zomera zokhala ndi nthambi zochepa, ndipo phesi limodzi loongoka limene timaliona m'minda ya ku Chilipa kapena ku Makanjira, mbali yaikulu linachokera pamenepo. Zoterezi zinachitikanso ku mbewu zina: malalanje ofiira m'kati a ku Sicily amafiira kukazizira chifukwa cha kachidutswa kamene kali pafupi ndi gene ya utoto, mphesa zambiri zoyera zinataya utoto m'njira yofananayo, ndipo nsawawa zokwinyika zimene Gregor Mendel, wofufuza wakale wa za chibadwa, ankaziwerenga zinakwinyika chifukwa kachidutswa kanawononga gene yothandiza kupanga sitachi.

Makolo ena angafunse ngati chimanga choterechi ndi cha GMO, kutanthauza mbewu imene asayansi aisintha DNA. Ayi, tizidutswati tinalimo kale m'chimanga chisanafike n'komwe mu Africa, ndipo njere za timadontho sizivuta kudya ngati zilibe nkhungu.

Ngati mukufuna kuti ophunzira adzionere okha, sankhani njere za timadontho zokhazokha, muzibzale padera, ndipo muphimbe chimanga chanthete ndi thumba la pepala ndevu zisanatuluke. Ndevu zikatuluka, muziwaze mungu wochokera pa ngayaye ya phesi lomwelo, kenako muphimbenso. Pokolola, ophunzira awerenge njere zoyera, zofiirira ndi za timadontho, ayerekezenso kukula kwa timadonthoto, chifukwa kukulako ndiko kumasonyeza nthawi imene kachidutswa kanasuntha.