Yankho kwa mng'ono wanga pa za geni ya zitenje ndi zosokasoka

Mng'ono wanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti wapeza kampamba, ndipo ukufuna kudziwa mmene timayendera ife otenga katundu kuno ku Lusaka kupita naye ku Lilongwe. Wafunsanso ngati zosoka za matelala a m'makomboni zili ndi phindu kuposa kungooda zitenje ku msika wa Kamwala n'kukagulitsa. Ndiyambira pa funso lachiwirili, poti ambiri amagwera pamenepo.

Chitenje chosasoka chilibe chinsinsi. Mtengo wake mayi aliyense amaudziwa, ndipo nsalu imene waoda ku Kamwala ukaipeza itafika kale ku Lilongwe kudzera ku Songwe, kuchokera ku Dar es Salaam. Ukachotsa ya basi, ya katundu ndi ya msonkho, chotsala n'cha ndiwo basi. Komanso zambiri mwa nsaluzi sizopangidwa kuno, n'za ku China ndi ku India. Fakitale ya Mulungushi ku Kabwe idakhala zaka zambirimbiri makina ali zii, salaula n'kudzaza misika yonse, yemweyu ku Malawi amati kaunjika.

Ndalama ili m'manja mwa osoka. Ine ndili ndi amayi atatu, awiri ku Mtendere, mmodzi ku Chawama. Amatolera mapisi otsala kwa matelala a madiresi a ukwati, tinsalu timene kale tinkangotayidwa kudzala, n'kusoka zikwama, zipewa, ndolo, timadiresi ta ana ndi zofunda za zigamba. Wa ku Chawama uja amagula majini ong'ambika a salaula pa msika wa Soweto, n'kuwadula, kunja jini m'kati chitenje, chikwama chake mpaka udzatope nacho wekha. Alendo a pa Kabwata Cultural Village ndi pa msika wa Lamulungu ku Arcades amazikonda, amati n'zosamala chilengedwe. Ine ndimangoseka chamumtima, chifukwa agogo athu ku Katete sankataya kansalu ngakhale kochepa ngati chikhatho, ndipo palibe adawatamapo. Koma poti dzinalo likukweza mtengo, nanenso ndimalitchula.

Osoka amafuna kuyenda nawo mwanzeru. Ubwere ndi chitsanzo chimodzi, mugwirizane muyezo, upereke theka la ndalama, yotsala pa tsiku lotenga katundu. Chaka china ndidapereka yonse kwa telala wina, ndikuthamangira Kulamba, mwambo wathu wa ku Mkaika kumapeto kwa August. Ndidakapeza chitseko chokhoma, makina atasamuka. Komanso usawafinye pa mtengo. Ukawadyera masuku pamutu, akusokera mothamanga, zipi n'kuduka kasitomala asanafike pakhomo, ndipo wonyozedwa ndiwe. Chikwama chilichonse uzichitembenuza, uone msoko wam'kati.

Nsalunso uziiyesa. Solola kaulusi m'mphepete, uyatse. Ya thonje imapsa n'kusiya phulusa lofewa, fungo ngati la pepala. Ya pulasitiki imasungunuka n'kuuma kachibulu kolimba. Kenako nyowetsa kansonga, utikite pa nsalu yoyera, uone ngati ikuchucha utoto. Makasitomala olipira bwino amafuna ya thonje. Pali enanso amene amafunsa nsalu zojambula pamanja, zija za ku Mfuwe, kumene a kampani ya Tribal Textiles akhala akuzipanga kuyambira 1991. Amajambula maluwa ndi phala la ufa, kuyanika padzuwa, kupaka utoto, kenako n'kuchapa phalalo, mizere yoyera n'kutsala. Zimenezo mpamba wake ndi waukulu, uziyamba wazisiya.

Za ulendo n'zosavuta. Basi umakwerera pa siteshoni ya Intercity, msewu wa Great East, makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Chipata, kudutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete. Pa Luangwa pali madengu abwino, ungoyang'ana, chikwama cha ndalama usatsegule.

Pa boda ndiye utchere khutu. Kuyambira 2022 Mwami ndi Mchinji adaphatikiza ntchito, sukhalanso pamzere kawiri monga kale. Kwa ife amalonda ang'onoang'ono pali dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kuno kwathu, lotchedwa STR: katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America amalowa popanda msonkho wa kasitomu, ndi mapepala ochepa. Koma pali zinthu ziwiri. Katunduyo akhale wopangidwa m'maiko athu a COMESA, ndiponso akhale pa mndandanda umene Zambia ndi Malawi adagwirizana. Chitenje cha ku China sichisanduka cha ku Zambia chifukwa choti wachigula ku Kamwala, ndiye chimalipira. Zosokedwa kuno nkhani yake ndi ina, koma usangoganiza wekha. Pa bodapo pali desiki yothandiza amalonda, ukaonetse katundu wako, akuuze ngati ali pa mndandanda usanaode wambiri. Msonkho wa VAT wokha suthawika. Malisiti usunge, ngakhale a telala olemba pamanja. Anyamata a njinga adzakunyengerera kuti akudutsitsire katundu kutchire. Tsiku limene adzagwidwe adzathawa, katundu wolandidwa adzakhala wako.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ndalama. Mu November 2023 kwacha ya Malawi idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene tidasiya katundu pa ngongole ku Lilongwe tidalira. Kuyambira pamenepo sindikongoza, ndipo sindibwerera ndi ndalama zambiri m'thumba. Ndimagula zitenje za Mapeto, zopangidwa ku Blantyre pa fakitale imene kale inali David Whitehead, ndi madengu a mlaza, n'kudzagulitsa kuno. Osintha ndalama a pa boda manja awo ndi achangu, uziwerenga wekha kawiri asanalandire zako.

Nyengo yabwino ndi February pa Nc'wala, mwambo wa Angoni a ku Chipata, August pa Kulamba, ndi miyezi ya maukwati mpaka Khirisimasi. January usayembekezere kanthu, anthu ali pa fizi ndi feteleza.

Ulendo woyamba tipitire limodzi, utenge zikwama makumi awiri zokha. Loweruka m'mawa ubwere kunyumba, tikayambire ku Mtendere kenako ku Kamwala. Machesi usaiwale.