Kodi amakaniko a ndege za pa sitima amawerenga chiyani asanagwire sipanala?

Bambo wina, makaniko wa galimoto, wandilembera imelo. Akuti anaonera kanema wa sitima ya nkhondo ya ku America yonyamula ndege, ndipo anadabwa kuona mnyamata atagwada pa mwendo wa ndege, laputopu ili pambali, akuwerenga kaye asanamange bawuti. Funso lawo ndi ili: "Kodi anthu amenewa ntchito saidziwa? Nanga amawerengazo n'chiyani?"

Bambo, ntchito amaidziwa bwino lomwe, koma saloledwa kudalira mutu. Galimoto ikakuferani mumaikankhira pambali pa msewu n'kutsegula boneti. Ndege yomwe yanyamuka pa sitima pakati pa nyanja ilibe poimika potero, ndipo bwalo loti iterepo ndi lalifupi, likuyenda, likugwedezeka ndi mafunde.

Zimene amawerengazo ndi mabuku ochokera ku NAVAIR, nthambi yoyang'anira ndege za asilikali a pamadzi a ku America, yomwe likulu lake lili ku Patuxent River, ku Maryland. Alipo oyendetsera ndege, alipo okonzera. Oyendetsera amatchedwa NATOPS, dongosolo lomwe linayamba mu 1961 pofuna kuchepetsa ngozi. Oyendetsa ndege amati NATOPS inalembedwa ndi magazi, chifukwa malamulo ambiri analowamo wina atatisiya kale. Koma inu mwafunsa za okonzera, ndiye tikhale pamenepo.

Buku limene makaniko amagona nalo n'kudzuka nalo ndi MIM, la malangizo a kakonzedwe. Siliri limodzi ayi: mafuta ali ndi lawo, magetsi lawo, miyendo yoterera lawo. Limakuuzani zida zoti mutenge, choyamba kumasula, chotsatira, ndi kulimba kumene bawuti iyenera kufika, pa nambala yake, osati kuti "yakwana" poimva m'dzanja. Mkatimo muli machenjezo amitundu itatu. Pakalembedwa WARNING, ndiye kuti kuphonya kwake munthu avulala kapena kufa. CAUTION ikunena za kuwononga chipangizo. NOTE ndi mfundo yoti isakudutseni. Chenjezo limabwera musanafike pa sitepe yoopsayo, kuti mulione dzanja lisanapite.

Lina ndi IPB, ndipo ndikhulupirira mukanalikonda. Ndi buku la zithunzi, chipangizo chitamwazidwa papepala, kawashala kalikonse kali ndi nambala yake. Silikuphunzitsani kukonza, limangokuuzani dzina lenileni la chimene mwagwiracho. Mabawuti awiri atha kufanana m'maso ngati mapasa, koma ina yapangidwa kuti ipirire moto wa pafupi ndi injini, inayo ayi. Ndege za mtundu umodzi nazo zimasiyana malinga ndi nthawi imene zinapangidwa, choncho bukuli limaonetsa kuti sipeya iyi imalowa pa ndege ziti, komanso ngati ikawonongeka ndi yotaya kapena yotumiza kukakonzedwa.

Ndiye pali makhadi otchedwa MRC. Awa ndi oyendera ndege isanadwale. Khadi limati yang'ana apa, yeza ichi, thira girizi apo. Kuyendera kwa tsiku ndi tsiku kumakhala ndi mphamvu kwa maola osapitirira 72, kwa pakati pa maulendo maola 24. Mukapeza vuto, khadi silikuuzani kakonzedwe kake, mubwerere ku MIM. Thupi la ndege likabooka kapena kung'aluka, pali buku linanso loti muyezere balalo n'kudziwa ngati lingakonzedwe pomwepo.

Pamene ine mtima wanga uli ndi pa buku la dzimbiri, NAVAIR 01-1A-509. Si la ndege imodzi, ndi la zonse. Mphepo ya panyanja imanyamula mchere usana ndi usiku, ndipo mchere ukakumana ndi aluminiyamu sabweretsa dzimbiri lofiira limene mumalidziwa pa galimoto. Mumangoona penti watupa pang'ono m'mbali mwa riveti, mukapala n'kupeza kaufa kotuwa, chitsulo chikudyeka mwakachetechete. N'chifukwa chake ndege ya pa sitima imayenera kutsukidwa masiku 7 asanadutse, ya kumtunda masiku 14. Wina angaone ngati kutsuka ndi ntchito ya mwana wongoyamba kumene. Ine ndimati amene akutsukayo ndiye woyamba kuona matenda.

Dziwaninso kuti kukonza kuli pa magawo atatu. Anyamata a pa ndege pomwepo amachotsa chowonongeka n'kuikapo chabwino. Chowonongekacho chimapita ku mashopu a m'sitima momwemo kapena a kumtunda, kumene amachitsegula mkati. Ntchito yaikulu yophwasula ndege imachitikira ku malo akuluakulu okonzera ndege a ku America, ngati Jacksonville, Cherry Point ndi North Island. Buku limanena gawo limene laloledwa kugwira ntchito iliyonse, ndipo luso lanu silikupatsani chilolezo chodumpha malirewo.

Chomwe chimaletsa kuloweza n'chakuti mabukuwa sakhala chimodzimodzi. Akatswiri akapeza kuti nambala ina ndi yolakwika ndipo ingaphetse munthu, amatumiza kusintha kwachangu kotchedwa IRAC, kuti kulowe m'buku nthawi yomweyo. Makaniko naye akaona cholakwika salemba ndi bolopeni m'mphepete n'kupitiriza, amatumiza lipoti lotchedwa TPDR kuti chikonzedwe kwa onse. Gulu lililonse la ndege lili ndi wosunga mabuku, amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti tsamba lakale silikutsalira m'shopu. Bawuti imene munaimanga pa nambala ina chaka chatha, lero itha kukhala ndi nambala yatsopano.

Mu laputopu munaionayo muli mabuku omwewa ataikidwa pakompyuta, amati IETM, ndipo ndege ngati F/A-18 Super Hornet zimakonzedwa motero. Mnyamatayo amaona sitepe, chithunzi ndi nambala ya sipeya pamalo amodzi. Akamaliza kumanga, pamabwera mnzake wovomerezeka kuyendera ntchito za ena, amaiona ndi buku lomwelo, kenaka n'kusayina dzina lake. Bawuti ija imanyamuka ndi mayina a anthu awiri.