Hb 8 musapite nayo ku fiyeta

Achemwali, mwalemba kuti amayi apangidwa opaleshoni ya zotupa za m'chibelekero pakatha milungu 6, ndipo Hb yawo (muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi) ili pa 8. Opaleshoniyi imatheka popanda kuikidwa magazi, koma osati amayi atakhala ndi Hb 8. Milungu 6 yatsalayo ndiyo ya ntchito.

Chimandiwawa n'chakuti wina amaona 8 papepala, n'kungolemba tsiku, "muzidya masamba mayi", basi. Tsiku lafika, munthu wachokera ku Chadiza kapena ku Vubwi, sanadye kuyambira pakati pa usiku, wavala kale chovala cha ku fiyeta, dokotala wogonetsa akuona 7 n'kukana. Magazi osungidwa achepa, makamaka sukulu zikatsekera, poti opereka ambiri ndi ana a sekondale. Achibale ali pakhonde la wodi kuimbira aliyense, ndalama ya ulendo yatha, mayi akubwerera kumudzi akutayabe magazi. Wolakwa ndi uja anaona 8 n'kukhala chete!

Madokotala amazikamba m'misonkhano ya patient blood management, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linazivomereza mu 2010: konzani magazi a wodwala mwiniwake asanagone patebulo. Kwa mkazi wosayembekezera, Hb ikakhala pansi pa 12 ndiye kuti magazi ndi ochepa.

Bwererani kuchipatala sabata ino. Awayeze malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba. Amwe mankhwala a ayironi oonjezera magazi, ferrous sulphate wa 200 mg, piritsi limodzi patsiku, ndi madzi kapena lalanje, tiyi adikire maola awiri chifukwa amatsekereza ayironi. Chimbudzi chikada musaope. Hb imakwera pafupifupi 1 pa milungu iwiri kapena itatu, ndiye afika mwina 10, koma pokhapokha kutayako kutachepa. Funsani za mapiritsi a tranexamic acid ochepetsa kutaya magazi nthawi ya kumwezi, ndiponso ayironi wa m'diripi ngati alipo, amafulumira. Ayezedwenso pakatha milungu itatu. Masamba a mapeyala ndi zakumwa zofiira sizilowa m'malo mwa izi. Chiwindi, kapenta ndi nyemba adye ndithu.

Aspirin, brufen, diclofenac ndi mankhwala achikuda, auzeni adokotala zonse, zina zimachedwetsa magazi kuundana. Ku fiyeta amapereka tranexamic acid 1 g pamtsempha kwa mphindi 10, amafunditsa wodwala chifukwa thupi likazizira magazi saundana bwino, ndipo pochotsa zotupa amatha kumanga mitsempha ya chibelekero kwakanthawi. Akatuluka, ngati alibe vuto la mtima ndipo sakutaya, ambiri sawaika magazi mpaka Hb itatsika pansi pa 7.

Komabe achibale awiri atatu apite akapereke magazi pasadakhale, ndipo gulu la magazi a amayi lidziwike. Mtsempha ukaphulika patebulo, piritsi silithandiza. Ngati amayi amakana magazi chifukwa cha chikhulupiriro, alankhule ndi adokotala tsopano ndipo zilembedwe m'faelo. Akayamba kupuma mobanika kapena chizungulire, musadikire tsiku lolembedwalo.