Tsiku lomaliza ku Bangkok ndege ikakhala ya usiku

Mayi wina wandilembera imelo kuti iwo ndi amuna awo akupita kutchuthi ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand. Tikiti yobwerera ikuonetsa kuti ndege ya Ethiopian Airlines idzanyamuka cha m'ma 1 koloko usiku Loweruka, pomwe kuhotelo akuti adzatuluke m'chipinda 12 koloko masana. Akufunsa kuti maola onsewo azidzatani, nanga katundu adzamusiya kuti.

Amayi, yambani mwayang'anitsitsa tsikulo. Ndege ya 1 koloko usiku Loweruka ndiye kuti tsiku lanu lomaliza mumzindamo ndi Lachisanu, ndipo kubwalo la ndege mukafike Lachisanu lomwelo usiku. Mukadikira Loweruka madzulo mukapeza ndege itapita kalekale. Ndikutsindika apa chifukwa msika waukulu wa Chatuchak umadzaza Loweruka ndi Lamulungu, choncho ngati munauika kumapeto, uwoneni mukangofika.

Za katundu musade nazo nkhawa. Mukabweza kiyi, apempheni a pa risepushoni akusungireni masutikesi, adzakupatsani kakhadi kodzatengera. Pasipoti, ndalama ndi mankhwala zikhale m'kachikwama kanu ka m'manja.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti tsikuli lisakhale logula zinthu. Zovala za m'misika ya Pratunam ndi Platinum mumalize kugula Lachinayi, mulongedze, muyeze pa sikelo n'kuona ngati simunapitirire makilogalamu olembedwa pa tikiti. Munthu akalowa mumsika tsiku lonyamuka amagula mwaphuma, kenako amakatsegula sutikesi pansi pamaso pa anthu pamzere. Ngati mwagula m'sitolo yokhala ndi chikwangwani cha VAT Refund zinthu zokwana 2,000 baht (ndalama za ku Thailand) kapena kuposa tsiku limodzi, pemphani fomu ya P.P.10 pomwepo, pasipoti ili m'manja. Msonkho wa VAT kumeneko ndi 7 peresenti, ndipo gawo lake amabweza kubwalo la ndege. Katundu wodula a kasitomu amafuna kumuona musanapereke masutikesi.

Lachisanulo pitani kumtsinje wa Chao Phraya. Kwerani sitima ya BTS mpaka Saphan Taksin, mutsikire padoko la Sathorn, mukwere boti la mbendera ya olenji, lomwe eni mzinda amakwera popita kuntchito. Pamadzi pamapita kamphepo, ndipo palibe mdipiti wa magalimoto. Kachisi wa Wat Arun ali tsidya lina, Wat Pho tsidya linalo, ndipo pali kaboti koolotsa anthu padoko la Tha Tien. Wat Arun mukamuyandikira mudzaona kuti nsanja yake anaimata ndi tizidutswa ta mbale zadothi tamitundumitundu, tokonzedwa ngati maluwa. Ku Wat Pho kuli chifanizo cha Buddha atagona chammbali, chotalika mamita 46, ndipo m'mbali mwa khoma muli mbale zamkuwa 108 momwe anthu amaponyamo makobidi, moti mukamayenda mumangomva kulira kwake. Nsapato amavula pakhomo, mapewa ndi mawondo akhale ophimbika. Chitenje chanu chidzakuthandizani pamenepa, ndipo bambowo avale buluku lalitali. Pakachisi pomwepo pali otikita thupi mwachikhalidwe cha ku Thailand. Ine ndimaona kuti ola limodzi lotikita mapazi musanakhale pampando wa ndege usiku wonse ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito bwino.

Mubwerere kuhotelo dzuwa lisanalowe, mudye, musinthe malaya chifukwa thukuta la ku Bangkok si lamasewera. Mzindawu uli ndi mabwalo a ndege awiri, lanu ndi Suvarnabhumi, osati Don Mueang, ndipo woyendetsa takisi mumuuze momveka. Sitima ya Airport Rail Link yochokera ku Phaya Thai imatenga pafupifupi theka la ola, koma ndi masutikesi akuluakulu imavuta kukwera. Takisi ndiyabwino, bola atsegule mita, ndipo ndalama ya pamsewu wolipira mumapereka ndinu. Lachisanu madzulo magalimoto amathithikana kwambiri, choncho muchoke cha m'ma 8 koloko kuti mukafike kutatsala maola atatu kapena kuposa.

Ma baht otsala musinthe komweko, m'chipinda chapansi pafupi ndi siteshoni ya sitima, chifukwa kwathu kuno adzakuvutani kusintha. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja. Juzi nayo musaitsekere m'sutikesi: mukatera ku Addis Ababa m'mawa, ndipo mzinda umenewo uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, kumazizira.