Mpando wa olapa unachokera ku Scotland, achemwali

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Anadulidwa mumpingo chifukwa cha mimba ya pathengo, ndipo funso lake linali lalifupi: "Kodi zoti akulu a mpingo azikuzenga mlandu ngati kukhoti zinachokera kuti?" Achemwali, ndinaiwerenga katatu, chifukwa munakhudza pachilonda.

Inenso ndinadulidwapo ndili ndi zaka 24. Mayi akunyumba anali oyembekezera, ukwati tisanadalitse. Loweruka lina anatiitanitsa ku sesoni, bwalo la akulu a mpingo, tinakhala pabenchi panja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine anandifunsa mafunso awiri okha, mkulu wina n'kumwetulira kuti ndi zaunyamata. Mkazi wanga anamusunga m'katimo ola lathunthu, akumufunsa zinthu zoti sindingalembe pano. Anatuluka maso ali psuu. Mawa lake maina athu anawerengedwa pa zolengeza, ndipo mayi anga sanaponde kumsika sabata yonse. Mwana uja pano ndi mphunzitsi, koma benchi ija ndimailotabe.

Ndi mkwiyo umenewo umene unandiwerengetsa mbiri ya Scotland, kwawo kwa amishoni omwe anayamba Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. M'chaka cha 1560 nyumba ya malamulo ku Edinburgh inakana ulamuliro wa Papa n'kuletsa Misa. Mlaliki John Knox, yemwe anakhalapo ku Geneva kwa mlaliki mnzake John Calvin, ndi anzake anafuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi mbusa, sukulu, ndi bwalo la akulu osankhidwa mwa anthu wamba. Bwalo limenelo ndiye sesoni yathuyi. Wogwidwa ndi chigololo ankamukhazika pampando wa olapa kutsogolo kwa gome, masabata atatu kapena kuposa, mbusa akumudzudzula anthu onse akuona. Ena ankawaveka chiguduli. Ena ankawamangirira kolala yachitsulo m'khosi pakhomo la tchalitchi. Ngakhale makadi a Mgonero tili nawowa anayamba ngati tizitsulo tamtovu tomwe akulu ankapereka kwa okhawo amene aona kuti ndi oyenera.

Ndinene mosabisa: chilango chimenechi chinkagwera akazi, ndipo chikugwerabe akazi. Mimba siibisika, mwamuna amatha kukana kapena kuthawira m'tauni. Amene akuti ndi mwambo wa m'Baibulo wosasinthika akunama. Ndi mwambo wa anthu a nthawi ina, anthu omwewo amene anakhazikitsa lamulo lopha mfiti mu 1563, amene anapachika mnyamata wa pa yunivesite, Thomas Aikenhead, mu 1697 chifukwa chonyoza Mulungu pocheza ndi anzake. Analetsanso Khirisimasi mu 1640, moti ku Scotland tsikuli linadzakhala holide mu 1958. Nanga bwanji ife timadya mpunga ndi nkhuku pa 25 Disembala osadulidwa? Tinasankha zotaya, tinasankhanso zosunga.

Koma pali china chimene chinandilepheretsa kuchoka mumpingo. Akulu omwewo, ouma mitu choncho, sankagwadira mfumu. Mu 1596 ku Falkland, mbusa Andrew Melville anagwira mkono wa malaya a Mfumu James VI n'kumuuza kuti mumpingo iye si mfumu koma membala chabe. Mwana wa mfumuyo, Charles I, atawakakamiza buku la mapemphero mu 1637, mu tchalitchi cha St Giles munabuka chipolowe, ndipo amati mayi wina wogulitsa malonda, Jenny Geddes, anagenda wotsogolera mapemphero ndi kampando kake. Chaka chotsatira anthu anasaina pangano ku tchalitchi cha Greyfriars lokana kuti mfumu iwalamulire pa chipembedzo. M'ma 1680 ankapemphera m'mapiri asilikali akuwasaka ngati nyama. Anadzapambana mu 1690. Ndalama za chindapusa cha ochimwa zinkalowanso m'bokosi la osauka, ndipo lamulo la 1696 linakakamiza eni malo kulipira mphunzitsi m'parishi iliyonse. Agogo anga anaphunzira a, e, i, o, u pa sukulu ya mishoni chifukwa cha khama limenelo.

Tsono mutani?

Musathawe. Pitani kwa mkulu wa m'dera lanu, mufunse kuti chilango chanu n'cha miyezi ingati komanso kalasi ya obwerera imakumana liti. Akakuitanani ku sesoni, pemphani kuti mayi mmodzi wa chigwirizano alowe nanu. Funso lolaula musayankhe, palibe lamulo lokukakamizani. Ndipo mufunse mwaulemu, koma momveka bwino, kuti bambo wa mwanayo aitanidwa liti.