Felixstowe F.2A: ndigule ya Roden kapena ya Wingnut Wings?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya achimwene ena, akuti akhala akumanga tindege tapulasitiki kwa chaka tsopano, ma Spitfire awiri atha bwinobwino, ndiye aona chithunzi cha Felixstowe F.2A, ndege ya ku Britain yotera pamadzi ya m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yopentedwa mizeremizere ija basi mtima wagwa pomwepo. Akufunsa kuti agule kiti (bokosi la tizidutswa tomangira kandegeko) iti, ya kampani ya Roden kapena ya Wingnut Wings.

Achimwene, ndisapite m'mbali, zonse ziwirizo dikirani nazo kaye. Spitfire ili ndi phiko limodzi, mumata n'kupenta zatha. Felixstowe ndi nkhani ina, thupi lake ndi boti lenileni, John Porte, msilikali wa panyanja wa ku Britain, anatenga mapiko a ndege ya Curtiss H-12 ya ku America n'kuipangira thupi lina m'tawuni ya Felixstowe ku England poti la Curtiss silimalimba ndi mafunde a North Sea, pamwamba pake n'kuika mainjini awiri a Rolls-Royce Eagle pakati pa mapiko awiri otalika mamita 29. Zonsezo zimagwiridwa ndi timizati ndi mawaya ambirimbiri, ndipo pa kiti mawayawo mumaika ndinu, imodziimodzi.

Werengani nokha, mamita 29 pa sikelo ya 1/32 (kuichepetsa ka 32), yomwe ndi ya kiti ya Wingnut Wings, ndi masentimita 91, pafupifupi mita yathunthu, muiika pati m'nyumbamo? Komanso kampani ya Wingnut Wings ya ku New Zealand inatseka mu 2020 ndiye zotsala zikugulitsidwa mitengo yoti ukaiona umangotseka foni. Ya Roden ya ku Ukraine ndi 1/72, masentimita 40 basi, mtengo wabwinoko, koma timizati take ndi tating'ono ngati machesi, ukayetsemula kamodzi kapita pansi pa tebulo osakaonanso.

Ine ulendo woyamba ndinapupuluma, ndinamata phiko lapamwamba ndisanaboole mabowo a mawaya, kenako ndikulimbana kulowetsa ulusi woimira mawayawo ndi kopanira guluu ali m'zala, phiko linangopendekeka, mpaka lero ili m'katoni. Boolani kaye mabowo onse, pentani, kolowekani ulusi kunsi kwa phiko lapamwamba, kenako ndiye mumate n'kumakoka umodziumodzi. Nayiloni yopyapyala yowedzera nsomba imagwira ntchito bwino ndi kadontho ka supagulu, ikakhala yolobodoka yandikizani kamtengo ka machesi kongozima kumene imakungika yokha, koma osayandikiza kwambiri imaduka.

Ndiye yambani ndi Supermarine Walrus, kiti ya kampani ya Airfix, 1/48, inatuluka mu 2017. Nayonso ndi boti louluka la mapiko awiri, inayamba kuuluka mu 1933, anakonza mapulani ake ndi R. J. Mitchell yemwe uja wa Spitfire zanuzo, injini imodzi yokha ya Pegasus propela ili kumbuyo, mawaya ochepa oti muphunzirirepo. Ilinso ndi mateyala moti imaima yokha pashelefu, pamene Felixstowe imafuna kangolo kake kokhalapo.

Mizere mwaikondayo sinali yokongoletsa chabe ayi, mu 1918 ankapenta choncho kuti azizindikirana m'mwamba komanso ikagwera panyanja anzawo aione msanga. Ndiye tsiku lomwe mudzafikepo gulirani tepi yambiri yotchingira penti, ndipo yoyera muyambe ndi iyo, yofiira pambuyo.