Funsani Katswiri: Kodi kompyuta ingamakonze yokha mapu ambirimbiri?

FUNSO: Ndimagwira ntchito yokonza mapu pa QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu, ndipo mwezi uliwonse ndimatulutsa mapu a zigawo zambiri omwe amafanana pa zonse kupatula dzina la chigawo ndi malire ake. Kodi ndiphunzire kulemba script (mndandanda wa malamulo omwe kompyuta imatsatira) kuti kompyuta izigwira yokha ntchito yobwerezabwerezayi?

YANKHO: Kuphunzirako n'kwabwino, koma musanalembe mzere ndi umodzi womwe, yambani mwayesa Atlas, chida chomwe chili kale mu Print Layout, gawo la QGIS lokonzera tsamba loti lisindikizidwe. Mumakonza tsamba limodzi lokha, n'kusankha layer (gulu la zinthu zamtundu umodzi zooneka pa mapu) ya malire a zigawo kuti ikhale coverage layer, yomwe Atlas izitsatira, kenako n'kuchonga "Controlled by atlas" pa mapuwo. Mukatero pulogalamuyo imayenda chigawo ndi chigawo, kuika chilichonse pakati pa tsamba ndi kutenga dzina lake m'tebulo la layer ija n'kulilemba pamutu. Mu ArcGIS Pro, pulogalamu ina yopangira mapu, chida chotere chimatchedwa Map Series.

Script imayamba kufunika pamene mukufuna kuti kompyuta izisintha yokha fayilo yomwe layer ikuwerenga mwezi ndi mwezi, izibisa kapena kuonetsa ma layer ena, ndiponso izitulutsa PDF popanda inu kukhalapo. Pa zimenezi QGIS ili ndi zida zolembera script zotchedwa PyQGIS, pomwe ArcGIS Pro ili ndi arcpy.mp. Dziwani kuti kuyambira pa QGIS 3.0, yomwe idatuluka mu 2018, chilankhulo cholembera script ndi Python 3, choncho ma script olembedwera QGIS 2 kawirikawiri sayenda musanawakonze.

Chomwe ndikufuna muchisamale kwambiri ndi mayina, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Lamulo la mapLayersByName, lomwe script imapezera layer mu QGIS, limafufuza dzina monga momwe lidalembedwera ndendende, kotero mnzanu akasintha "misewu" kukhala "Misewu", script sipeza kanthu. Choipa koposa n'chakuti ma layer awiri akakhala ndi dzina limodzi, script ikhoza kutenga yolakwika osadandaula n'komwe, mapu n'kutuluka okongola koma onama. Mutu wa mapu ndi legend (kabokosi kofotokoza zizindikiro za pa mapu) muzipatsenso ID, dzina lozindikirira, yakeyake kuti lamulo la itemById lizizipeza, ndipo QgsLayoutExporter, chida cha mu PyQGIS, ndi yomwe itulutse PDF pomaliza.

Musanalamule kuti zonse zituluke, yesani kaye chigawo chachikulu kwambiri, chaching'ono kwambiri ndi chomwe chili ndi dzina lalitali, popeza ndi pa zitatuzi pomwe sikelo imasokonekera ndipo dzina limasefukira kunja kwa malo ake.